Makilomita Asanu Amene Sumaili Sanawamalize

Mukafika pa boma la Mwanza n'kufunsa akabaza kuti mwa iwo wamiyendo yamphamvu ndani, sakangana nthawi yaitali. Amaloza ndi mlomo munthu wamtali, wochepa thupi, amene amakonda kuima kumapeto kwa mzere, phazi lina pansi lina pa pedulo. Ameneyo ndiye Sumaili. Chaka chino wakwanitsa zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo tsitsi la m'mbali mwa makutu layamba kuyera.

Anabadwira ku Thambani. Bambo ake, a Sulaiman, anali ndi kagolosale pafupi ndi msika momwe ankagulitsa mchere, sopo, parafini ndi singano. Analinso ndi njinga yakuda yopikulira katundu. Sumaili anaphunzira kupalasa pa njinga imeneyo asanatalike n'komwe. Ankalowetsa mwendo kunsi kwa chitsulo chapakati, thupi litapendekera mbali imodzi, n'kumazungulira msika mpaka amayi ogulitsa tomato atam'kalipira. Kusukulu sanali wotsalira. Ankakonda masamu, makamaka aja a mtunda ndi nthawi, ofunsa kuti basi yanyamuka nthawi yakuti, kodi ikafika liti. Koma bambo ake anamwalira iye ali Fomu 2. Golosale inatsekedwa, sukulu inathera pomwepo, ndipo chimene chinam'tsalira m'manja ndi njinga yakuda ija.

Zaka zisanu ndi zitatu anazitha akunyamula makala kuchokera m'midzi ya kwa Nthache kupita nawo ku boma. Ankamanga matumba atatu, tsiku lina anayi. Anzake akafika pachitunda ankatsika n'kumakankha, koma iye ankaimirira pa mapedulo n'kukwera, tcheni ikulira ngati iduka. M'mbali mwa msewu wa tala munali nyumba ya mayi Deliwe, amene ankagulitsa manachesi pakathandala. Mayiwa akamuona akubwera thukuta lili kamukamu, ankalowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikho cha madzi.

"Mwanangu, miyendo imeneyi udzaifunanso mawa," ankatero. "Usaimalize lero."

Mwana wa mayiwa, Petro, ndiye anam'chotsa ku makala n'kumulowetsa kabaza pa boma. Anali wa zaka zofanana ndi Sumaili, koma wamfupi, wapakamwa posatseka. Kumeneko Sumaili anakwatira Latifah, telala wosoka pakhonde la sitolo ina, ndipo anabereka mwana wamkazi, Sabrina.

Kabaza ili ndi kakhalidwe kake. Wakabaza amakhala chilili pachishalo, msana uli njo, khosi litatalika, kuti aone kasitomala ali kutali asanam'wone mnzake. Amapereka moni kwa aliyense, chifukwa amene wam'patsa moni lero ndi amene adzakwere mawa. Amavala malaya otakasuka kuti mphepo izilowa. Sumaili anakhala choncho zaka zambiri mpaka thupi lake linaiwala kuti pali kakhalidwe kena.

Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ku ofesi ya zaulimi kunabwera munthu wochokera ku Dedza, a Watson. Anabwera ndi njinga imene akabaza anali asanaionepo pafupi: yopepuka moti ukhoza kuinyamula ndi zala ziwiri, matayala opyapyala ngati chala, mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Loweruka lililonse m'mamawa a Watson ankavala zothina n'kutsika ndi msewu wa ku Blantyre. Tsiku lina akubwerera, ali pakati pa chitunda chachitali, anamva tcheni ikulira kumbuyo kwawo. Anawapitirira Sumaili, atanyamula mayi wina wonenepa ndi dengu la mtedza pamiyendo. Powapitirira anawapatsanso moni.

"Mwadzuka bwanji, bwana?"

A Watson analibe mpweya woyankhira. Koma atafika pamwamba, msewu utayala, anawerama n'kum'dutsa Sumaili ngati waima. Madzulo ake anapita pa siteji kukam'funa.

"Achimwene, Loweruka likubwerali mudzakwere njinga yangayi. Ndikufuna ndione chinthu."

Pa handulo ya njingayo panali kachipangizo kokhala ngati foni yaing'ono. Kankaonetsa liwiro, mtunda, nthawi, komanso mphamvu imene miyendo ikuponda pa mapedulo, yomwe amaiyeza m'mawati ngati ya babu. Sumaili anapalasa mphindi makumi awiri pamalo oyala, atakhala chilili monga mwa masiku onse, malaya akuphaphalika kumbuyo. Atabwerera, a Watson anayang'ana kachipangizoko nthawi yaitali, kenako anaseka mopukusa mutu.

"Mawati 330. Ine ndikalimbikira mpaka kuona nyenyezi ndimafika 250. Koma taonani apa: liwiro lanu ndi makilomita 35 pa ola, pomwe ine pamalo omwewa ndimakwana 38. Mphamvu muli nazo, koma mukudyetsa mphepo."

"Mphepo yake iti, bwana? Lero kuli bata."

"Munakwerapo pikapu ya ku Thambani mutaima kumbuyo?"

"Kambirimbiri."

"Ikamathamanga, chimakukankhani pachifuwa n'chiyani, kunja kuli bata? Mphepo imeneyo mumaipanga nokha. Mukatambasula chikhatho imakubwezani, mukachigoneka chimadutsa. Inuyo panjinga mumakhala ngati chitseko."

Anakhala pansi pa mtengo wa mango, a Watson n'kumalemba ndi kamtengo padothi. Anamuuza kuti pa liwiro lalikulu, pafupifupi mphamvu zonse za munthu zimathera kukankha mpweya. Anamuuzanso kuti mphepo siwerengera chilungamo: ukafuna kuthamanga kawiri kuposa mmene ukuthamangira, imafuna mphamvu osati kawiri koma kasanu ndi katatu. Sumaili anayang'ana manambala aja padothi, ndipo china chake chimene chinagona mwa iye kuyambira Fomu 2 chinadzuka. Anatenga kamtengoko n'kuwerengera yekha. Zinatuluka chimodzimodzi.

Tsiku lomwelo anamva koyamba za mpikisano umene munthu sapikisana ndi mnzake pambali, koma amanyamuka yekha, wotchi ikuyenda, n'kukafika yekha. Palibe wobisala kumbuyo kwa mnzake, palibe wopsereza. Kumapeto amalemba dzina lako ndi nthawi yako, basi. Sumaili anapita kunyumba osanyamula kasitomala ndi mmodzi yemwe. Moyo wake wonse miyendo yake inanyamula makala, matumba a chimanga, odwala, amayi apakati, mbuzi zomangidwa. Anali asanadziwepo kuti payokha, popanda katundu, ingathamange bwanji. Kuyambira tsiku limenelo ankafuna kudziwa chimenecho kuposa china chilichonse.

A Watson anali ndi mnzawo ku Blantyre, mayi Eleanor, amene ankayendetsa kalabu ina ya opalasa njinga. Chaka chilichonse kalabuyo inkatenga anthu ochepa a m'maboma, kuwabwereka njinga ndi kuwalowetsa m'mipikisano. Chimene inkafuna chinali chimodzi: makilomita makumi awiri m'mphindi zosakwana makumi atatu, munthu wa kalabu ali pomwepo ndi wotchi yake. A Watson anayeza mtundawo pamsewu wa tala, anapaka mwala utoto poyambira ndi wina pothera, ndipo anati njinga yawo izikhala ya Sumaili m'mamawa uliwonse dzuwa lisanakwere.

Ntchito sinali ya miyendo ayi. Inali yophunzitsa thupi kugona. A Watson anamangirira timitengo tiwiri tachitsulo pakati pa handulo, kuti Sumaili azitsamira ndi zigongono, manja ali kutsogolo pamodzi, msana utayala ngati tebulo, mutu utalowa pakati pa mapewa. Sabata yoyamba khosi linauma moti poswali ankalephera kutembenuza mutu popereka salamu. Msana unkawotcha. Latifah ankam'thowa ndi madzi otentha kwinaku akung'ung'udza.

"Bambo a Sabrina, anzanu akugula njinga zamoto kuti apumule, inu mukuphunzira kuzunzika kwatsopano."

"Kungoti mwezi uno wokha."

"Mwezi watha munateronso."

Komabe ndi Latifah yemweyo amene anapita pa kaunjika n'kusankha juzi yopyapyala, naibweza m'mbali mpaka inam'gwira ngati khungu. Anam'sokeranso kabudula wothina koma wofika kunsi kwa mawondo, chifukwa anati mwamuna wake sangaonetse ntchafu pamsewu ngati mwana. Pom'yesa zovalazo anaseka mpaka kugwira khoma.

"Mukuoneka ngati nsomba youma. Sabrina, bwera udzaone abambo ako!"

Pa siteji ndiye panalibe mtendere. Petro akangomuona ankagwetsa mutu pa handulo n'kukweza matako m'mwamba.

"Taonani a Shehe! Ena amaswalira mumzikiti, awa amaswalira panjinga. Aise, ukagwa m'dzenje usadzati sitinakuuze."

"Iwe ungandipeze kuti undiuze?"

"Ndikupezeranji? Ine ndimathamangira kasitomala, iwe ukuthamangira mwala wopaka utoto."

Kunalinso madandaulo enieni. Anthu anayamba kunena kuti Sumaili wayamba kunyada chiyambire kuyenda ndi bwana wa zaulimi. Ankawadutsa osapereka moni. Tsiku lina apongozi ake aamuna anaima m'mbali mwa msewu atakweza dzanja, iye n'kudutsa ngati galimoto. Madzulo anapita kukapepesa atagwira chipewa m'manja, nafotokoza kuti sanawaone. Apongoziwo anangoti, "Ndiye njinga yake ndi yotani yoti munthu asamaone anthu?" Mayi Deliwe okha ndi amene sanadandaule. Anali atayamba kudwaladwala, ndipo ankakhala pampasa pakhonde. Anauza Petro kuti m'mamawa uliwonse amamva kaphokoso ngati ka njuchi kakudutsa, n'kudziwa kuti mwana wawo uja wadutsa.

Nthawi inayamba kutsika. Poyamba anatha mphindi 34. Atazolowera kugona zinafika 32. Atavala zimene Latifah anam'sokera, n'kuchotsa botolo la madzi limene linkalendewera pa handulo, zinafika 31. Kenako zinakakamira. Masabata atatu anazungulira pa mphindi 30 ndi masekondi makumi awiri, makumi atatu, makumi awiri ndi asanu. A Watson anam'tsatira tsiku lina pa njinga yamoto yobwereka, ndipo pothera anamuuza chimene anaona.

"Mumadzutsa mutu pafupipafupi, ndipo mukadzutsa mumaukweza wonse ngati mukusaka kasitomala. Pamenepo mawati amatayika. Dzutsani maso okha, mutu ukhale pomwepo. Koma muziyang'anabe kutsogolo, achimwene. Msewu uno si wathu."

Sabata yomweyo a Watson analandira kalata yowasamutsira ku Karonga. Anayenera kunyamuka pakutha pa mwezi. Anaimbira mayi Eleanor, ndipo mayiwo anati angabwere Loweruka limodzi lokha, lomaliza, chifukwa Lolemba lake ankatseka mndandanda wa chaka chimenecho. Sumaili anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Anadziwa, popanda womuuza, kuti njinga ikapita ku Karonga, m'boma lonse la Mwanza simudzatsala ina yotere.

Lowerukalo kunacha bwino, kopanda mphepo, kozizira pang'ono. Sikisi koloko mayi Eleanor ndi a Watson anayenda ndi galimoto mtunda wonsewo kuona ngati msewu uli bwino. Munalibe kanthu. Mayiwo anawasiya a Watson pa mwala wothera n'kubwerera poyambira. Anali mayi wamfupi, wamagalasi, wosachulutsa mawu. Anayang'ana matayala, anagwedeza chisoti cha Sumaili kuona ngati chamangika, kenako anaimba foni kuti a Watson amve pamene akunyamuka.

"Mwakonzeka, bambo? Zisanu, zinayi, zitatu, ziwiri, chimodzi. Pitani."

Makilomita oyamba anawadutsa modziletsa, monga anaphunzitsidwa. Kenako anagona. Mpweya unkalowa ndi kutuluka mofanana, miyendo inkazungulira yokha, ndipo mphepo imene masiku onse inkam'menya pachifuwa tsiku limenelo inkangom'sisita pamsana. Pa kilomita yachisanu kachipangizo kanaonetsa kuti ali patsogolo pa nthawi yofunikayo ndi masekondi khumi. Pa yakhumi anali patsogolo ndi makumi awiri ndi asanu. Apa mantha anam'gwira, mantha a munthu amene wanyamula chinthu chosweka. Anaganiza kuti akadzutsa maso ngakhale kamodzi, masekondi amenewo atayika. Anatsitsa mutu kuposa mmene a Watson anam'phunzitsira. Anasiya kuyang'ana kutsogolo. Dziko lake linatsala tayala lakutsogolo, mzere wa m'mbali mwa msewu, ndi manambala. Msewu ankaudziwa ngati chikhatho chake, dzenje lililonse, khwawa lililonse.

Pa kilomita ya khumi ndi chisanu nthawi inali mphindi 21 ndi masekondi 50. Anali patsogolo ndi masekondi makumi anayi. Pomwepo chinthu chobiriwira chinadutsa pansi pa tayala, n'kulira kuti tswa.

Anapalasabe kawiri, katatu, mutu usanamvetse chimene maso aona. Anali masamba, nthambi zatsopano zoyalidwa modutsa msewu. Kwathu kuno pakagwa maliro pafupi ndi msewu amayala masamba uku ndi uku, ndipo pakati pake galimoto imayenda pang'onopang'ono, wa chipewa amavula, wa njinga amatsika n'kukankha. Mwana aliyense amadziwa zimenezi. Sumaili anali atatsikapo pa masamba otere kosawerengeka, ngakhale atanyamula makala, ngakhale kasitomala akufulumira.

"Iwe! Iwe! Tsika!"

Anadzutsa mutu. Anthu anali m'mbali mwa msewu, amuna ataima, amayi akulowa m'bwalo atafunda zitenje, ndipo m'nyumba munkamveka kulira. Inali nyumba ya kathandala ka manachesi. Anagwira mabuleki onse awiri, tayala lakumbuyo linakhwekhwereza, ndipo anaima pakati penipeni pa anthu, chifuwa chikukwera ndi kutsika.

Bambo wina wachikulire anabwera atakwiya kwambiri.

"Mwano wanji umenewu? Wavala ngati chinyau n'kumadutsa pamaliro uli pachishalo? Anyamata, landani njingayo!"

Manja awiri anagwira handulo. Sumaili anatsika n'kuvula chisoti. Kenako anaona Petro akubwera kuchokera kutsogolo, atagwira nthambi ya mango imene ankapita kukayala. Maso ake anali ofiira.

"Musiyeni, amalume. Sanaone. Ndikum'dziwa ine, akagona panjingapo saona."

Anatembenukira kwa Sumaili.

"Amayi atisiya m'bandakucha, aise. Sitinathe n'kutumiza uthenga komwe."

"Petro..."

"Ndi lero eti, za mwala zija?" Anayang'ana kachipangizo kamene manambala ake ankasinthabe. "Kankha mpaka pa masamba apo, ukakwere. Pita. Amayi sakanakuletsa."

Anyamata aja anasiya handulo. Sumaili anayamba kukankha. Nsapato zopalasira zili ndi zitsulo kunsi, siziyendeka, ndipo zinkalira kuti kho, kho, kho pa tala pakati pa kulira kwa amayi. Kuthamanga sakanatha, chifukwa pamaliro munthu sathamanga. Anayenda monga amayendera anthu, mutu uli pansi, chisoti chili m'manja, akudutsa khonde limene linali ndi mpasa wopindidwa. Sanafune kuyang'ana kachipangizoko, koma m'mutu mwake masekondi ankadziwerenga okha.

Atafika pa masamba achiwiri anayang'ana. Mphindi 25. Kunatsala makilomita asanu ndi mphindi zisanu, kilomita iliyonse mphindi imodzi, makilomita makumi asanu ndi limodzi pa ola. Masamu aja a pansi pa mango anabwera okha, osawaitana: liwiro limenelo linkafuna mphamvu zake zonse katatu. Anawerengeranso kachiwiri ngati mwana amene akukana yankho la pa bolodi. Zinatuluka chimodzimodzi.

Anaima pamenepo, dzanja lili pachishalo. Kutsogolo msewu unali woyala, wopanda galimoto, wopanda mphepo, wabwino kuposa tsiku lina lililonse. Anauyang'ana mpaka pamene unakhotera. Kenako anatembenuza njinga, anaitsamiritsa pamtengo pamodzi ndi njinga zina zakuda, n'kupita kukakhala pansi pakati pa amuna. Munthu wina anavula jekete n'kum'funditsa pamiyendo.

A Watson anadikira pa mwala wothera mpaka wotchi inakwana mphindi makumi anayi. Poopa kuti wagundidwa, anaimbira mayi Eleanor, ndipo anakumana pamaliropo, wina kuchokera uku wina uko. Mayiwo anaimika galimoto kunja kwa masamba, anatenga chitenje m'chikwama n'kukakhala ndi amayi kanthawi. A Watson anapita pa njinga yawo, anadina kachipangizo, n'kuima nthawi yaitali akuyang'ana. Kenako anabwera kudzanjuta pafupi ndi Sumaili.

"Bwana," ananong'ona Sumaili, "zikanatheka?"

"Munali pa 41 pa ola. Mawati 338. Simunapalasepo chonchi."

"Koma zikanatheka?"

"Zikanatheka, achimwene."

Sumaili anagwedeza mutu. Sanadziwe ngati yankholo lam'pepuza kapena lam'lemetsa, ndipo mpaka lero sadziwa.

Ponyamuka, mayi Eleanor anam'itanira pambali. Analankhula mwaulemu, mosabisa. Sakanatha kulemba nthawi ya makilomita khumi ndi asanu, chifukwa ena onse anamaliza makumi awiri. Kubwereza madzulo sikukanatheka, poti miyendo siipereka mphamvu zotere kawiri pa tsiku, ndiponso masamba akanakhala pamsewu mpaka maliro ataikidwa mawa lake. Iwo anayenera kubwerera tsiku lomwelo.

"Chaka chamawa, bambo. Ndidzabweranso ngati mudzandiitana."

"Zikomo, mayi. Muyende bwino."

Sumaili anagona pamaliropo, ndipo mawa lake anaperekeza mayi Deliwe kumanda pamodzi ndi akabaza onse. Pakutha pa mwezi anathandiza kukweza katundu wa a Watson mu lole. Njinga anaikweza yekha, anaikulunga ndi bulangeti, naimanga pakati pa matiresi awiri kuti isakandike. Sanapemphe kuti im'tsalire, ndipo a Watson sananene zom'siyira. Anagwirana chanza nthawi yaitali.

Chaka chotsatira anayesa ndi njinga yake yakuda. Anachotsa kaliyala, madigadi ndi belu, anatembenuza handulo kuti iloze pansi, anavala juzi imene Latifah anam'konzera ija, ndipo Petro anam'gwirira nthawi pa foni. Inatuluka mphindi 37. Anayesanso kawiri, kenako anabwezera kaliyala m'malo mwake. Sumaili sanawaitane mayi Eleanor.

Masiku ano kabaza ya njinga zopalasa yachepa pa boma. Petro anagula yamoto, ndipo amam'nyengerera Sumaili mwezi ndi mwezi kuti naye agule. Iye amangoseka. Makasitomala ake ndi amayi achikulire amene amaopa liwiro, ndi ana asukulu. Sabrina ali ku sekondale, ndipo masamu a mtunda ndi nthawi amam'phunzitsa ndi bambo ake, pakhonde, ndi kamtengo padothi. Sumaili sadandaula za tsiku lija. Akafunsidwa amati kulakwa kunali kwake, chifukwa akanayang'ana kutsogolo akanatsika bwinobwino pa masamba oyamba, ngakhale nthawi ikanatayikabe. Chimene chimam'sautsa si kalabu kapena Blantyre. N'chakuti pali nambala ina yake, ya mphindi 29 ndi masekondi angapo, imene ndi yake koma sinalembedwe paliponse, ndipo masekondi akewo sadzawadziwa.

Pa boma anthu a ntchito za boma amabwera ndi kupita. Lole ikalowa itasenza katundu wa munthu wosamutsidwa, Sumaili amasiya mzere n'kuitsatira, amati akukathandiza kutsitsa. Anzake amadziwa chimene akukafuna ndipo anasiya kumuseka. Watsitsapo mafiriji, masofa, mabedi, nkhuku m'zitete, tinjinga ta ana.

Mwezi wathawu inalowa lole ina masana, ndipo kumbuyo kwake, kunsi kwa lona, kunatuluka theka la tayala lopyapyala, masipoko akunyezimira padzuwa. Sumaili anali atangokweza mayi wina. Anawapepesa, anawatsitsa, anawapereka kwa mnzake, n'kuithamangira loleyo mpaka ku nyumba za boma. Anafika dalaivala asanazimitse injini. Anamasula yekha zingwe n'kukweza lona.

Chinali chikuku cha anthu osayenda, cha amayi ake a mwini katunduyo.

Anachitsitsa mosamala, anachipukuta fumbi ndi malaya ake, nachikankhira kutsogolo kwa lole komwe mayiwo ankadikira kuti awatsitse.

"Zikomo, bambo," anatero mwini katunduyo. "Mwafulumiratu. Mumadziwa kuti tikubwera?"

"Ayi, bwana. Takulandirani ku Mwanza. Kodi katundu wanu yense ndi yemweyu, kapena kukubweranso lole ina?"